Patapata wanu m'giya ya pikapu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Zengeza 3 tili moyo, basi. Madzi sakutuluka pampopi, sabata yachitatu ino. Chimanga chomwe ndinadzala m'kamunda kanu ka ku Nyatsime chapserera chisanamasule. Mkazi wa achimwene a Yohane wachira, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Ndikamuyangata ndimamuimbira m'Chichewa, koma ndikudziwa kuti adzandiyankha m'Chishona ngati anzake onse.

Chandikhazika pansi lero ndi pikapu yanu. Titakuikani, abale anagwirizana kuti igulitsidwe, poti ndi ya ana tonse. Ine sindinatsutse, ndinangodalira giya. Mukuidziwa ndodo ya giya ija mmene inkagwederera, ngati dzino lotsala pang'ono kuchoka. Achimwene anabweretsa ogula atatu, ndipo palibe anaipeza giya yachiwiri. Wotsirizayo anatsika akupukuta thukuta, nati, "Haa, mota iyi inoda muridzi wayo," kuti galimotoyi ikufuna mwini wake. Ndinakasekera kuseri kwa nyumba. Njira yake tinkaidziwa awiri, inu ndi ine: kukankhira kumanzere, kubweza pang'ono, kudikira, kenako mawu anu aja, "Lowa iwe, usandichititse manyazi pa anthu." Chaka chonsechi ndakhala ndikunyamuliramo tomato, ndipo ndikagwira ndodoyo ndinkamva ngati dzanja lanu lili pansi pa langa.

Lachiwiri lapitali inakaniratu. Panali pa Town Centre, mabokosi a tomato ali odzaza kumbuyo, makombi, maminibasi akuno, akuliza mahutala, oitanira akundinyoza. Ndinanena mawu anu kanayi, koma ayi ndithu. Anthu anandithandiza kuikankhira pambali, ndipo a Moyo, makaniko wa mumsewu mwathu, anadzaikoka. Atagwedeza ndodoyo anati, "Mabhushi apera, sisi." Ankanena kuti mabushi, timphira tomwe timagwira ndodo ya giya kuti isamasewere, atha. Anandigulira tatsopano, koma ntchito ndinagwira ndekha. Si munkanena inu kuti palibe mwamuna anabadwa atafumbata sipanala?

Ndinaikweza pa jeki, n'kukwawira pansi, n'kumasula bawuti yolumikiza ndodo ndi chitsulo chopita ku giya. Bushi imodzi inali itatheratu, panangotsala fumbi. Inayo nditaikolowola ndi sikuludiraiva inandigwera pachifuwa. Sinali ya kusitolo, Amayi. Inali mphira wabuluu wodulidwa ndi mpeni, wouma, wong'aluka, timizere ta kunsi kwa patapata tikuonekabe.

Ndinagona pansipo nthawi yaitali. Ndinakumbuka chaka chomwe ndinali Fomu 2, Atate atangomwalira, pamene munkayenda ndi patapata wabuluu phazi lina, wofiira phazi lina. Munabwera kusukulu kudzandipatsa chakudya chomwe ndinaiwala, ine n'kuwauza anzanga kuti ndinu wantchito wa kwathu. Munamva. Munangondipatsira kontenayo n'kubwerera, patapata akulira mosiyana. Kunyumba simunandikalipire, munangoti, "Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo." Sindinafunsepo kuti wabuluu winayo anapita kuti. Kani anali pansi pa galimoto zaka zonsezi, akutidyetsa. Ndipo ine sindinapepese, mpaka munapita.

Mabushi atsopano ndi oyera, apulasitiki. Ndinawapaka girizi, n'kuwakanikizira m'malo mwake, n'kumanga bawuti. Giya tsopano ikulowa ndi zala ziwiri, yoyamba, yachiwiri, mpaka rivesi, osapempha, osadikira. Pakamwa panga panayamba pokha kuti "Lowa iwe," koma inali italowa kale. Ndinaima m'mbali mwa msewu n'kulira ngati maliro ndi a lero. Inu mulibemo m'galimoto muja, ndakuchotsanimo ndi manja angawa.

Lamulungu tikuchokera kutchalitchi achimwene anaiyendetsa. Anamwetulira, nati, "Mlongo, wagona! Tsopano ndiye igulika." Kugona kwake ndi kwa Chishona kuja, kutanthauza kuti ndachita bwino. Pomwepo anamuimbira munthu wa thukuta uja. Akubwera Loweruka kudzaitenga. Ndawachonderera achimwene, ndagwada, koma akuti mawu a abale sabwezedwa, ndiponso khanda lija likufuna zambiri. Sindikuwada. Nkhwangwa ndadzitema nayo ndekha. Tomato ndidzanyamula pamutu kapena ndidzaleka, sindikudziwa, ndipo kunena zoona mtima wofuna kudziwa ndilibe.

Kamphira kabuluu kaja ndakatsuka, ndakamanga pa nsonga ya chitenje chanu. Ogula atenge makiyi, matayala ndi giya yawo yomvera, aka sakaona. Ndikukulonjezani kuti mdzukulu wanuyu akadzakula ndidzamuika pamiyendo, ndidzamuonetsa, ndipo ndidzamuuza zonse, ndi za kusukulu zomwe, ngakhale adzandiyankhe m'Chishona.

Pepani, Amayi. Ndachedwa nawo mawuwa, koma pepani.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Rozina