Ndimamutsatira ndi Mpando Akamathamanga

Aphungu,

Ndine kalipentala wopuma ntchito. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye kalatayi akundilembera ndi atelala oyandikana nafe nyumba, ndipo ndawauza kuti asathiremo mchere wawo.

Mzime wanga ndi mtsikana wa zaka 16, wanzeru ngati bambo ake. Chaka chatha anamupeza ndi matenda a shuga. Jakisoni amadzibaya yekha, osatsinzina n'komwe. Anamwino anati azilimbitsa thupi, ndiye m'mawa amathamanga ndi anzake kuzungulira bwalo la mpira.

Ine ndinakula ndikudziwa kuti wodwala amakhala pansi. Choncho ndinamukhomera mpando wopinda, wapolishi, wosagwedera, ndipo akamathamanga ndimamutsatira nawo kuti akatopa apumirepo. Sanakhalepo ngakhale kamodzi. Wophwa mimba ndine, moti lamba ndaboolanso. Anyamata apabwalopo amandikuwiza, amvekere: "Madala, mwaiwala tebulo!" Amayi ake amaseka mpaka kutsamwa. Dzana mwanayo anandiuza kuti, "Ababa, mukabweranso ndi mpandowo, ine kuthamanga ndasiya."

Koma Aphungu, tsiku lina ananjenjemera pabwalo pomwepo, thukuta lili kamukamu, akuyankhula zosamveka. Ndinaona ndi maso angawa. Ndikapanda kukhalapo, mwana wanga adzagwera pati?

K.Z., nyumba yapakona

Bambo K.Z.,

Kuti mpandowo ndi wosagwedera sindikukaika, koma mwanayo musamutaye nawo. Kuthamanga kumathandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga bwino, kumalimbitsa mtima, ndipo kumamukumbutsa kuti ndi mtsikana ngati anzake, osati wodwala basi. Akasiya chifukwa cha manyazi, mwaluza nonse awiri.

Mantha anu ndi omveka. Kunjenjemera kotero kawirikawiri kumakhala shuga watsika kwambiri, ndipo shuga sakwera ndi mpando. Chofunika ndi maswiti angapo m'thumba mwake, kapena kabotolo ka chakumwa chotsekemera. Aziyeza shuga asanayambe ndiponso akamaliza, asathamange ndi njala, azimwa madzi, ndipo nsapato zisamamupane.

Anzake awiri adziwe chochita. Akayamba kunjenjemera kapena kusokonezeka, aime, adye maswitiwo pomwepo. Akakomoka, asamuike kanthu m'kamwa, amutengere kuchipatala msanga.

Sabata ino pitani naye kwa anamwino, mukafotokoze za tsiku lija. Mlingo wa jakisoni asinthe ndi iwowo. Inu ukatswiri wanu woyeza uthere pamatabwa.

Mpandowo ikani pakhonde, mukhalepo nokha, muzimulandira ndi kapu ya madzi akamabwera. Koma bwalo musalisiye, poti mwana wakuphunzitsani kuthamanga inu osadziwa. Muzipita pa nthawi yanu, chimanjamanja.

Chenjezo langa ndi limodzi, chifukwa akalipentala ndimakudziwani: musakakhome wina wamatayala.