Mbale ya Amayi Inasamuka Pakati pa Pemphero

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo, monga tinaleredwera, ngakhale mtima uli pamoto. Uli bwanji kumeneko? Mayi a ana ako ali bwanji, nanga ana? Chifuwa chija chinakusiya? Kuno tonse tili bwino, kupatula alamu ako, amuna a Chitsiriza, amene akuyenda mogwira khoma ndipo lamba wawo wabooledwa mabowo awiri atsopano. Nkhani yawo ndifika nayo.

Tsopano ndavala jekete. Ine, mwana woyamba m'nyumba mwathu, mphunzitsi wa sayansi, mwini digiri imene inapachikidwa pabalaza pa Amayi, ndikupereka dandaulo langa kwa iwe mwalamulo. Uthenga wa mawu umene unatumiza pagulu lathu la pa foni Lachinayi unali wa mphindi zisanu ndi ziwiri. Ndaumvera katatu, kachitatuko ndili ndi cholembera m'manja. Unathokoza alamu chifukwa cha galimoto. Unathokoza Chitsiriza chifukwa cha zithunzi. Unathokoza ngakhale adokotala amene sunawaonepo. Ine unandiponya mu "ndi ena onse." Ine amene ndinakuchapira matewera.

Sindinakwiye. Ndikungofuna udziwe zimene ena onsewo anachita.

Ukudziwa kuti tsiku la opaleshoni ya ng'ala ya Amayi tinalidikira chaka ndi miyezi iwiri. Dokotala wa maso amafika pachipatala chathu mwa apo ndi apo, ndipo mndandanda wake ndi wautali. Tsiku lathu linagwa Lolemba. Namwino anatiuza mosabisa kuti Amayi akadzabwera akutentha thupi kapena atatsegula m'mimba adzabwezedwa, dzina lawo n'kutsikira kunsi kwenikweni kwa mndandanda. Chimene sunadziwe, poti pa foni amadzilimbitsa, n'chakuti anali atapsa kale dzanja kawiri pa ketulo, ndipo masitepe a kukhonde ankatsika chokhala pansi.

Iwe, ndi mtima wako wabwino wa munthu wakutali, unati Amayi apite nafe kokapuma masiku atatu kuti mantha achepe. Ganizo labwino. Ganizolo unatumiza iwe, chikwama ndinanyamula ine.

Masiku awiri oyamba ndinayendetsa boma bwinobwino. Madzi akumwa, a m'botolo limene ndatsegula ndekha. Zakumwa zoponyamo madzi oundana, ayi. Chipatso, chokhacho chimene tisenda ndi manja athu. Malo odyera, okhawo amene pali anthu ambiri ndipo chakudya chikuchoka pamoto ukuona. Tisanakhale pansi ndinkayamba ndapita kukaona mpopi. Chitsiriza anandipatsa dzina loti a Inspekita, ndipo alamu ankapumira m'mwamba ngati munthu amene akukankha galimoto pamtunda.

Loweruka alamu anati tsopano ndi tsiku lawo. Anatitengera ku hotela ina ya zitseko zagalasi, kumene nsalu zopukutira pakamwa amazipinda ngati mbalame. Anati manijala wake anaphunzira naye limodzi, ndipo apongozi awo ayenera kudya ngati munthu, osati kumangoimirira m'mizere ngati tikulandira katemera. Tinafika cha m'ma thu koloko masana. Chakudya chake chinali chija chodzigawira wekha.

Ndinapita kukasamba m'manja. Mpopi unangotsokomola. Pansi panali ndowa ya madzi otuwa, kapu ikuyandama, sopo kulibe, ndipo thaulo limene linali pamsomali linali litaona zambiri pa moyo wake. Ndinadzifunsa kuti ngati alendo tikusamba chonchi, nanga ophika akusamba bwanji.

Nditabwerera ndinapeza mabeseni asanu ndi atatu achitsulo atandandalikidwa, akunyezimira ngati bokosi la maliro a munthu wolemera. Pansi pa beseni lililonse pamayenera kukhala kachitini ka moto. Ndinagwira chivindikiro cha nkhuku ya msuzi wamkaka. Chinali chofunda ngati mphumi ya mwana wogona.

Iwe sayansi unaithawa uli ku sekondale, choncho ndikufotokozere. Chakudya chikatentha kwambiri tizilombo timafa. Chikazizira kwambiri timagona. Koma chikangofunda timakwatirana, ndipo ukwati wake sukhala ndi kulera.

Ndiye ndinagwada. Inde, ndi diresi langa labuluu lija, pakati pa anthu odya ndi mafoloko, ndinagwada n'kukweza nsalu ya patebulo. Mwa tizitini tisanu ndi titatu, kamodzi kokha kanali kuyaka, ndipo kameneko kanali pansi pa beseni lopanda kanthu.

Ndili chogwada choncho ndinaona nsapato zaima pambali panga. Anali mayi wachikulire woperekera zakudya. Ndinawafunsa chapansipansi kuti nkhukuyi yaphikidwa nthawi yanji. Anayang'ana chitseko cha manijala, napukuta supuni imene inali yoyera kale, kenako anati inaphikidwira anthu a msonkhano amene amayenera kudya m'mawa koma ananyamuka osadya. Anaonjezera kuti iwo ntchito amagwira pomwepo, koma chakudya amatenga kunyumba.

Pakona panali wophika akukazinga nsomba ndi tchipisi pamaso pa anthu. Ndinaima pomwepo mpaka nsomba inatuluka m'mafuta ikulira, mbale n'kumandiwotcha zala.

Kufika patebulo, ndinapeza alamu atawagawira kale Amayi ndi manja awo: mpunga phiri, nkhuku ija pamwamba, msuzi ukutsetsereka, saladi ya mayonezi pambali. Ndinafotokoza mwaulemu zimene ndinaona. Alamu anati anunkhiza ndipo mphuno yawo siinawanamizepo. Anati hotelayo ili ndi nyenyezi zinayi. Ndinati tizilombo sitiwerenga nyenyezi. Anati iwo adya m'misewu zaka makumi anayi, m'mimba mwawo ndi mwa simenti, ndipo vuto la anthu ophunzira kwambiri n'loti amaopa ndi chithunzithunzi chawo chomwe. Chitsiriza ananditsina pantchafu, nati ndisachititse manyazi amuna ake pamalo pa anzawo.

Amayi anamvetsera zonse, nkhope ataloza kumene kunkachokera mawu. Kenako anagamula.

"Mwana wanga, mkamwini wandiikira chakudya ndi manja ake. Sindingamufunse kuti chaphikidwa nthawi yanji. Ndidya."

Mlongo wanga, ukuwadziwa Amayi akalankhula ndi mawu amenewo. Pa zaka zanga zonse sindinawatsutsepo. Ndinakhala pansi pambali pawo, nsomba yanga ikufuka nthunzi, m'mutu mukungomveka mawu a namwino uja. Ndinaona Amayi akutsikabe masitepe chokhala pansi chaka china chathunthu, chifukwa cha ulemu ndi ntchafu imodzi ya nkhuku.

Alamu anati titseke maso, tipemphere.

Apa ndi pamene kalatayi ikusanduka kuulula, ndiye ukhale bwino. Ukudziwa mapemphero a alamu. Amayambira pa kulengedwa kwa dziko, ndipo safika pa chakudya asanadutse m'maboma onse, m'ndende ndi m'zipatala. Atafika pa oyenda panyanja ndi mumlengalenga, ine ndinatsegula diso limodzi. Atafika pa akazi amasiye, ndinatsegula lachiwiri. Ndinakoka mbale ya Amayi pang'onopang'ono, n'kukankhira yanga pamalo pake. Pokankhapo, foloko inagunda kapu. Mayi woperekera zakudya uja, amene anaima kumbuyo kwathu, anatsokomola nthawi yomweyo, chifuwa chachikulu chokwirira phokoso lonse. Mulungu awakumbukire mayi amenewo.

Pa "ameni" maso anga anali otseka kuposa a wina aliyense.

Alamu anayang'ana mbale ya Amayi, anayang'ana yanga, anayang'ana ine. Khosi lawo linatupa. Koma asanatsegule pakamwa, Amayi anali atafufuza kale m'mphepete mwa mbale ndi zala. Anachotsa dzanja msanga poti inkawotcha, kenako ananyema kachidutswa n'kutafuna mofatsa.

"Bambo, zikomo kwambiri," anatero kwa alamu. "Nkhuku ya kuno ndi yokoma. Ili ndi minga, koma ndi yokoma."

Chitsiriza anabisa nkhope m'nsalu ija yopindidwa ngati mbalame. Alamu sakanatha kuuza apongozi awo kuti aberedwa mbale pamaso pa Mulungu, ndipo Amayi anapitiriza kuyamikira nkhuku yawo mpaka inatsala mutu ndi mchira.

Mkwiyo wonse unagwera pa mbale imene inali patsogolo panga. Alamu anati chakudya chabwino sichitayidwa chifukwa cha mantha a munthu mmodzi, ndipo aonetsa dziko kuti ndani akunama. Anatambasula dzanja. Ndinagwira mbaleyo. Ndinawachenjeza kamodzi, anakoka. Kachiwiri, anakoka. Kachitatu ndinawachenjezanso, koma ndivomere kuti zala zanga zinamasuka msanga kuposa mmene zala za Mkhristu zimayenera kumasukira. Anadya yawo, anadya ya Amayi, napukuta msuzi ndi buledi akundiyang'ana. Chitsiriza, amene pakamwa pake panali kumbali ya amuna ake, foloko yake inali kumbali yanga. Anangosuntha mpunga uku ndi uku n'kudya nthochi ziwiri.

Lamulungu m'mawa tinanyamuka, alamu akuimba mluzu pachiwongolero ndi kundifunsa ngati a Inspekita agona bwino. Mluzuwo unatha tisanayende ola limodzi. Poyamba anati akufuna kuona tayala lakumbuyo. Analiona nthawi yaitali, kuseri kwa tchire. Kenako tinayamba kuima pamalo aliwonse omwetsera mafuta, ngakhale thanki inali yodzaza. Pamalo achinayi anatuluka nkhope itatuwa, thukuta lili kamukamu, nandipatsa makiyi.

Makiyi a galimoto ija, mlongo wanga. Ija salola munthu kutsamira. Ija amatiuza kuti tigwedeze nsapato tisanakwere. Ndinaiyendetsa ine, mwini wake atagona kumbuyo ndi ndowa, mutu pamiyendo ya Chitsiriza, akumwa madzi a shuga ndi mchere amene ndinawasungunulira m'botolo. Nthawi iliyonse ndikasintha giya ankabuula, ndipo sindikudziwa ngati chinkawapweteka chinali mimba kapena galimoto.

Nthabwala pambali, anadwaladi. Titafika tinapita nawo kuchipatala, ndipo anagona masiku awiri ali pa diripi. Bambo wa thupi lake, wa mimba ya simenti. Nditawaona pabedi paja ndinakumbukira kuti mbale imodzi mwa ziwirizo inali ya mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri.

Lolemba m'mawa tinali pabenchi ya chipatala cha maso. Mayi wina amene anali patsogolo pathu anabwezedwa chifukwa thupi linali lotentha, ndipo mwana wake analira poyera. Itafika nthawi yathu, namwino anayeza Amayi n'kufunsa ngati m'mimba mwavutapo masiku atatu apitawa. Amayi anati ayi, iwo amadya mosamala. Ponena zimenezo anafinya dzanja langa mpaka mphete inandilowa m'chala.

Lachiwiri anamasula bandeji. Amayi anaphethira, anayang'ana denga, anayang'ana zala zawo, kenako anatembenukira kwa ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinakonzeka kulandira mawu amene mwana woyamba amawadikira moyo wake wonse.

"Iwe, imvi zonsezi unazitenga liti?"

Amenewo ndiwo malipiro a sayansi m'banja mwathu.

Koma akuona, mlongo wanga. Akuona. Masitepe akutsika choimirira, tiyi akudzithirira okha, ndipo apeza kale fumbi pamwamba pa kabati limene ndinkaganiza kuti lidzafa ndi chinsinsi chake. Atapita kukazonda alamu anawauza kuti aonda, ndipo ayenera kumasamala zimene akudya. Alamu anangoti inde Amayi. Dzulo anditumizira uthenga wofunsa ngati mpunga wogona amautenthetsa mphindi zingati. Ndawayankha monga mphunzitsi, mosanyada, m'ndime zinayi.

Tsopano pempho langa. Amayi atatuluka m'chipatala anaitanitsa foni kuti aone chithunzi chako. Zaka zonsezi ukamaimba pa vidiyo ankangomva mawu, n'kumavomera kuti akukuona kuti usadandaule. Anachiyang'anitsitsa, nachikulitsa ndi zala monga Chitsiriza anawaphunzitsira, kenako anati wanenepa, koma iwo akufuna kuona mmene umayendera masiku ano. Foniyo anaisunga pamiyendo mpaka inazima yokha.

Upereke moni kwa mayi a ana ako, uwauze kuti nsalu imene anatumiza ija Amayi aiona tsopano ndipo akuti mtundu wake ndi wabwino kuposa mmene tinkawafotokozera. Ana uwapsompsone, ndipo azisamba m'manja ndi sopo, osati kungowapatsa madzi moni. Mulungu akusungeni nonse, akudalitse pa ntchito yako, akupatsenso nzeru pang'ono.

Chatsala ndi chipepeso. Pa kugwada kuja mawondo anga anawonongeka, ndipo ndikufuna awiri atsopano, a msinkhu wa mtsikana wa zaka makumi awiri, lamanja ndi lamanzere, osati onse a mbali imodzi. Ndikufunanso munthu wokalapa m'malo mwanga tchimo loba mbale pa pemphero, poti ganizo la ulendo linali lako. Mawondowo usatumize pa positi, angaphwanyike. Ubwere nawo wekha mwezi wa mawa usanathe, utsike galimoto patali ndithu ndi geti, ndipo uyende pang'onopang'ono. Amayi adzakhala ali pakhonde.

Ndine mlongo wako wamkulu,
wolakwiridwa koma wopambana.