Mlandu wa Setifiketi ya m'Sutikesi

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ndafunsa mwamwambo chabe, chifukwa kalatayi ndi dandaulo, ndipo ndikupempha kuti lilandiridwe ndi ulemu woyenera munthu wa digiri.

Mlandu wake ndi uwu. Mwezi watha achimwene a Yohane anatsegula sutikesi yanu ija pofuna chitenje choberekera mwana. Inde, alamu anachira, mwana ndi wamkazi, dzina ndi lanu, liuma ndi lanunso. Pansi pa zitenje anapeza setifiketi yanu ya Sitandade 8, pamodzi ndi kalata ya aphunzitsi yonena kuti pa masamu munalibe mnzanu.

Inu, Amayi? Inu amene ndikaweruka kusukulu munkandikhazika pamkeka, mukuswa mtedza, n'kumati, "Nachisale, tandiphunzitsa za lero, mutu wangawu ndi wamwala"? Samu yogawa ndinkaifotokoza katatu, inu n'kumalakwitsabe, anzanga akusewera fulaye kuseri kwa nyumba. Ndinakula ndikukumverani chisoni. Pamaliro panu ndinaliranso ndi zimenezo, kuti mayi anga apita osadziwa kugawa.

Munamva kuti ananditumiza kuno ku Nthalire, kusekondale yoyendera, kumene msewu wake umakusula mafupa usanafike. Ndinabwera ndi njira zonse zophunzitsira zimene ndinaloweza zaka zinayi. Ndinadzaza bolodi ndi manotsi, ana anakopera bwinobwino osamva kanthu. Ndinawaika m'magulu, anakhala mozungulira chete ngati pasiwa. Ndinayesa ndi nyimbo yomwe, ndinaimba ndekha. Kwawo amayankhula Chitumbuka, Chichewa changa cha ku Dedza amachimva mochedwa, Chingerezi ndiye amangochipatsa ulemu.

Amene ankandisowetsa mtendere ndi Temwa, mtsikana wa Fomu 1 wokhala kumbuyo kwenikweni. Bambo ake ananena kuti akalepheranso masamu teremu ino, sukulu yatha, azikathandiza kumunda. Miyezi iwiri sindinamvepo mawu ake.

Achimwene atanditumizira chithunzi cha setifiketi ija pafoni, ndinakwiya masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinaganiza zokuberani njira yanu ija. Ndinalemba samu pabolodi, n'kuilakwitsa dala, ndipo ndinati, "Mutu wangawu ndi wamwala, ndithandizeni, m'chinenero chilichonse." Ana anangoyang'anizana. Ndinailakwitsanso, ulendo uno mochititsa manyazi. Kumbuyo kunamveka kamawu: "Yayi madamu, mwabuda." Temwa anabwera kutsogolo, anandilanda choko, n'kufotokoza m'Chitumbuka, anzake akumuthandiza. Ndinamuuza abwereze katatu. Anandiyang'ana ndi maso achisoni omwe aja amene ine ndinkakuyang'anani nawo. Ndinakumbukira zimene munkakonda kunena, zakuti chimene wafotokozera mnzako sichikuthawanso. Ine ndinkayesa mukudzitonthoza.

Tsopano Lachisanu lililonse amaphunzitsa ndi ana, ine ndimakhala padesiki n'kumafunsa zopusa. Magulu aja akuchita phokoso moti ahedi anabwera akuthamanga, kuyesa kwabuka ndewu. Mayeso apakati pa teremu Temwa wakhoza, osati mwapamwamba, koma wakhoza. Bambo ake ndinakumana nawo pamsika, anandipatsa moni ndi manja awiri, n'kunena kuti mwanayo apitirize. Anaonjeza kuti akuyamikira kuti mwana wawo akuthandiza madamu amene masamu amawavuta.

Mwamva, Amayi? Nthalire yense akudziwa kuti kunabwera mphunzitsi wa digiri wosadziwa kugawa. Mayi wogulitsa tomato amandiwerengera pang'onopang'ono, mokweza, kuti ndisasokonezeke. Mbiri yanga yathera pomwepo, ndipo gwero lake ndi inu.

Zina n'zabwino. Chimanga chachita bwino m'munda wanu wakudambo, koma mtedza wakana, mwina ukudziwa kuti wouswa palibe.

Choncho chipepeso chimene ndikufuna ndi ichi. Mundibwezere masana onse amene munandibera, limodzi ndi mpira wa fulaye, ndipo pakati mulowe ndinu, ine ndizigenda. Zikavuta, mupemphe chilolezo kumeneko mubwere Lachisanu limodzi lokha, mudzakhale kumbuyo pafupi ndi Temwa, mudzakweze dzanja n'kunena kuti simunamve. Ndidzabwereza katatu, ndipo ulendo uno sindidzanyinyirika.

Mdzukulu wanu akadzayamba sukulu, ndikulonjeza kuti ndidzamunamiza monga munandinamizira ine.

Ndine mwana wanu wokukondani, wamutu wamwala,
Nachisale