Kondwani Wasintha Jezi

Lamulungu, Novembala. Kuno kutsidya kwa nyanja kwazizira, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Titaweruka kutchalitchi, mwana wanga Kondwani anabwera kudzaonera pa TV mpira wa kuno, umene osewera amagundana ndi zisoti kumutu, atavala jezi ya timu ina. Yathu ya mumzinda muno waitaya.

"Adadi, imangoluza. Kutimu kumene ndapitaku woponya mpira ndi mkhristu, amagwada asanasewere."

Mpongozi wanga, amene anabwera ndi Kondwani, anati, "Kugwada pa TV si chikhristu. Kafunseni mkazi wa woponya mpirayo."

Anakangana mpaka mpira kutha, ine osandifunsa. Ndikanawauza kuti Mulungu sataya munthu chifukwa waluza.

Kondwani yemweyu sabata yatha anati kunyumba ya okalamba kumene amagwira ntchito kwapezeka malo oti ndikakhale, poti masitepe ayamba kundivuta chifukwa cha bondo.

Nanenso masiku ano ndikungoluza. Mawa ndikwera masitepewo iye akuona, bola bondoli...