Ndowa Ziwiri Kapena Zitatu

Lachitatu, mwezi wa Okutobala, ku Makhanga. Kwatentha tsiku lonse, popanda ndi kamphepo komwe.

A Fombe, mmisiri wopaka penti, anabwera masana kudzayeza nyumba. Tinakoka chingwe, iwo uko ine kuno, m'zipinda zonse zitatu. Akuti ndowa ziwiri zazikulu za penti zikanakwana, koma pamene madzi osefukira anadetsa khoma, kufika m'chiuno mwangamu, pamamwa penti. Pamenepo mpofunika kupaka katatu, ndiye ndowa zikhala zitatu. Kuti ndigule yachitatuyo, ndiyenera kugulitsa mbuzi.

Ndinauza mayi a Tina, akazi anga. Sanasiye n'komwe kusankha mpunga.

"Gulani ziwiri basi," anatero. "Kumunsiko kusiyeni. Mukufuna kukongoletsera madzi?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Kenako anaulula kuti achimwene awo akutisungirabe malo kumtunda, ndipo sabata yatha anapita kukaona malowo osandiuza.

Njerwa za nyumba ino ndinaumba ndi malemu bambo anga. Ine ndimayesa tikukambirana za penti.

A Fombe akufuna yankho Loweruka, asanawoloke Shire kukagula. Ndikati zitatu, ndiye kuti ndawauza mayi a Tina kuti sitisamuka. Ndikati ziwiri...