Akuti Sizinafe, Zikugona

Lolemba, 3 Juni

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi chichokereni Madamu kupita kwa mng'ono wawo. Banja la zaka makumi awiri ndi zitatu, kugwedezeka chifukwa cha chitsamba! Ndikulemba kuti odzawerenga adzaweruze okha.

Nkhani yake ndi iyi. Pageti panali chitsamba cha rozi, chaminga ngati chotumidwa. Tsiku lililonse ndikamalowetsa kagalimoto kanga, chinkandikandira penti. Ine, munthu amene ndayendetsa malole zaka makumi atatu osaphwanyapo ngakhale galasi, ndizigonja kwa minga? Ndinatenga chikwanje, kenako khasu, ndinazula ndi chitsa chomwe, n'kutentha. Madamu pobwera anaima pageti, nayang'ana dzenjelo nthawi yaitali. Sanalalate. Bola akanalalata. Analongedza chikwama chimodzi, basi.

Ndaimba foni. Wayankha ndi mng'ono wawoyo: "Akugona, alamu." Teni koloko m'mawa.

Lachiwiri, 4 Juni

A Ticha, aneba anga opuma pantchito omwe sanapume pa kuphunzitsa, andiuza pampanda kuti: "Mwadula limodzi, bwezani anayi." Masamu omveka. Ndapita ku nazale.

Mayi wogulitsa mbande wandipatsa mtolo wa timitengo touma, tokulunga m'nyuzipepala yonyowa, mizu ili pamtunda, yopanda ndi dothi lomwe.

"Mayi, ndati maluwa, osati nkhuni."

"Sizinafe, bambo, zikugona. Nyengo yozizira ino ndiyo yake." Anakanda khungwa ndi chikhadabo, mkati mobiriwira. "Muviike mizu m'madzi mpaka mawa, mubzale, muthirire, kenako muzisiye." Anafotokozanso zina zambiri, ine ndikungoti eya, eya. Kubzala mtengo n'kofunikanso sukulu?

Ndatenga marozi anayi, ofiira ngati duwa lija. Ndawonjezera mabulosi awiri ndi mphesa imodzi, kuti Madamu aone kuti ndine munthu woganiza za m'tsogolo.

Ndaimba. Akugona. Zikuoneka kuti chaka chino chilichonse chikugona, kupatula ine.

Lachitatu, 5 Juni

Maenje asanu ndi awiri, ofika m'mawondo. Msana wanga wandikumbutsa kuti ndinabadwa liti.

Rozi aliyense ali ndi chotupa pamwamba pa mizu, chonyansa ngati bondo la nkhalamba. Ndachikwirira bwinobwino, mozama, kuti Madamu asachione n'kumati ndagula zodwala. Ndapondaponda, ndathirira makheni awiri pa dzenje. Marozi ndawaika pageti, koma patali ndithu ndi podutsa galimoto. Chikondi ndi chikondi, penti ndi penti.

A Ticha asuzumira: "Achimwene, mwayamba kukhoma zikhomo? Mukumanga chiyani?" Ndangopitiriza kupondaponda. Munthu wa dimba amakhala wofatsa.

Lachinayi, 6 Juni

Palibe chaphuka. Ndaimba kawiri. Akugona.

Loweruka, 8 Juni

Masiku atatu, zii. Galimoto ikakana kulira umatsegula boneti, sungangokhala pampando n'kumayembekezera. Ndiye ndazula rozi mmodzi kuti ndione ngati mizu yagwira. Sinagwire. Ndam'bwezera, ndathirira.

Mlamu wasintha nyimbo: "Akusamba, alamu." Ndiye kuti adzuka. Tikupita patsogolo.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndazula onse anayi. Chimodzimodzi. Ndabwezera.

M'nyumba muno mwayamba kundichitira mwano. Sindikudziwa kumene Madamu amasunga machesi atsopano. Mazira ndawakazinga mpaka akuda m'mbali, ndadya choimirira. Makina awo osokera ali pakona ndi chinsalu chawo chamizeremizere, ulusi ukadali pa singano monga anausiyira. Kale ndinkadandaula kuti phokoso la makinawo limandilepheretsa kumva wailesi. Lero wailesi ndaimva yonse, mpaka zolengeza, ndipo mulibe kanthu.

Ndamusowa mkazi wanga. Ndalemba, sindifufuta.

Lachinayi, 13 Juni

Ndabwerera ku nazale, rozi mmodzi m'manja ngati umboni wa kukhoti. Ndati: "Mayi, zinthu zanuzi sizikudzuka."

Anamuyang'ana, n'kundiyang'ana ine. "Mwamuzula kangati?"

"Kamodzi."

"Bambo."

"Katatu. Kuphatikiza lero."

Anagwira m'chiuno. "Timizu tatsopano timakhala ngati tsitsi la khanda. Mukazula, mumatidula tonse, ndiye amayambiranso. Inuyo munthu atamakugwedezani ola lililonse kukufunsani ngati mwagona bwino, mungagone?"

Anthu awiri ogula mbande za anyezi anaseka. Ndatuluka mwaulemu wanga wonse, kamtengo kukhwapa.

Ndatsimikiza mtima: sindizulanso, ndipo lero sindiimba foni.

Madzulo. Ndaimba kamodzi kokha.

Lamulungu, 16 Juni

Taonani chipongwe. Mabulosi aja, amene ndinangowabzala mwachisawawa kuseri kwa bafa n'kuwaiwala, atulutsa timasamba. Mphesa nayo yatupa timaso. Koma marozi, amene ndimawalonjera m'mawa uliwonse ngati apongozi, angoti njo!

A Ticha akuti ndiyale udzu wouma m'munsi kuti chinyezi chisathawe. Ndayala. Ndinafuna kusuzumirako pang'ono pansi, koma ndinaika manja m'thumba n'kukatsuka galimoto, yomwe inali yotsuka kale.

Masiku atatu osaimba. Nawonso sanaimbe. Ndiye wapambana ndani?

Lachitatu, 19 Juni

Uthenga wochokera kwa mlamu: "Loweruka akubwera kudzatenga makina." Osati kubwerera. Kudzatenga. Mkazi akatenga makina ake osokera, zovala zotsalazo amangotumiza munthu.

Ndathamangira pageti ngati kuti marozi angamve. Awiri ali ndi timaso tofiira, tating'ono ngati mutu wa machesi. Wachitatu palibe, koma nditakanda, mkati mobiriwira. Wachinayi, uja ndinapita naye kokadandaula, mkati mouma gwa. Ameneyo sakugona. Ndamusiya pomwepo kuti chiwerengero chikwane.

Ndakolopa nyumba yonse. Ndakonzanso mawu oti ndidzanene, ndayeserera pagalasi. Akumveka bwino kwambiri, makamaka pamene ndikuti tonse tinalakwitsa.

Loweruka, 22 Juni

Anabwera cha m'ma 2 koloko pa takisi. Mlamu anatsala m'galimoto, nkhope kumbali. Madamu atangolowa pageti anaima. Aonda pang'ono. Sanandipatse moni, maso awo anali pa timitengo.

Anagwada pansi ndi diresi lawo loyendera, n'kuyamba kufukula dothi ndi zala mpaka chotupa chija chinaoneka.

"Apa ndi pamene anamezanitsa. Simukwirira mozama chonchi, pamawola. Sanakuuzeni?"

Ndinati mwina ananena. Kenako ndinayamba mawu anga a pagalasi: kuti ndinadula limodzi, ndabweza anayi, a mtundu womwewo, ofiira.

"Lija linali loyera," anatero, osadzutsa mutu.

Zaka zonsezi ndikulidutsa m'mawa ndi madzulo. Mawu anga onse anathera pomwepo.

"Mukudziwa kuti ndinalibzala liti?"

Ndinayesa: "Titangosamukira muno?"

"Sabata imene tinachoka kuchipatala opanda mwana. Inu Lachinayi lake munabwerera pamsewu. Ine ndinatsala muno ndekha, mabere akutuluka mkaka, wopanda woyankhula naye. Ndiye ndinabzala lija. Chaka chino likanakwanitsa zaka makumi awiri ndi chimodzi."

Mwana wathu woyamba, wamkazi, anakhala ndi moyo masiku awiri. Sindinamuiwale ngakhale tsiku limodzi. Ndinkamulirira m'lole, m'malo oimikapo magalimoto, kumene kulibe wondidziwa. Kunyumba sindinkamutchula, poganiza kuti ndikuwachitira chifundo Madamu. Iwo ankamuthirira m'mawa uliwonse, ine ndikuliza hutala kuti anditsegulire geti.

Ndinalowa m'nyumba, ndinanyamula makina ndekha, ndi chinsalu chake, n'kukawaika m'buti ya takisi. Ndi awo. Ndinalibenso mphamvu yowakaniza kanthu.

Pobwerera ndinawapeza afika pa rozi wachitatu. Wa takisi analiza hutala.

"Gwirani apa," anatero. "Mowongoka."

Ndinagwada pambali pawo, ndinagwira. Munga unandilowa m'chala chachikulu, sindinasiye. Iwo ankakankhira dothi, ine ndikuyang'ana manja awo. Kenako ndinatchula dzina la mwana. Linatuluka losasa, ngati la chinenero chimene sindinachiyankhulepo.

Manja awo anaima m'dothi.

Hutala inaliranso. Madamu anakweza dzanja osacheuka, ndipo patapita kanthawi takisi inanyamuka ndi mlamu ndi makina omwe.

Pano akadali panja. Akhala pa ndowa yozondotsa, moyang'ana pamene panali lija. M'nyumba sanalowe, ndipo sanandiyankhulenso. Ndaphika tiyi, makapu awiri ali apa patebulo. Sindikudziwa ngati nditulutse kapena ndiyambe ndadikira.