A Chidindo Apita, Bambo Akudikirabe Pakauntala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kaya chifuwa cha wamng'ono chija chinatha? Kuno tikudzuka, koma kungodzuka basi.

A Chidindo anatisiya mwezi wathawu. Mukuwakumbuka, akalaliki adazi aja a ku laibulale, amene anakuthamangitsani muli mwana chifukwa chodyera mtedza pabuku. Anagwa akudikira basi, pofika nawo kuchipatala n'kuti atatha kale.

Ine ntchito ndinaiphunzira m'manja mwawo. Ndiwo anandionetsa kusoka msana wa buku ndi singano, ndi kupaka guluu pang'ono, osati ngati ndikumata nyumba. Ankandinena kuti nsapato zanga zimafika ine ndisanafike. Ndikalakwitsa sankandikalipira pagulu ayi, ankangotsokomola, ine n'kudziwa kuti buku ndaliika pashelefu yolakwika. Mpaka lero munthu akatsokomola ndimacheuka.

Koma chimene ndakulemberani ndi Bambo. Inu mumangomva pafoni kuti akuiwalaiwala, n'kumati ndi ukalamba. Achimwene, zafika poipa. Chisocherereni ulendo uja, ndimapita nawo kuntchito tsiku lililonse.

Amene ankatipulumutsa ndi a Chidindo. M'mawa uliwonse Bambo ankabweza buku lawo la zoweta njuchi. A Chidindo ankalilandira ngati akuliona koyamba, kuwafunsa ngati lawakomera, kupumira mpweya pachidindo, phaa! n'kuwabwerekanso lomwelo. Bambo n'kukakhala pampando wa pawindo, phee, mpaka ine kuweruka. Kapepala ka madeti kakadzaza ankamatapo kena. Ndinawafunsapo ngati satopa nazo, iwo anati wobweza buku pa nthawi yake ngati Bambo sanamuonepo chiyambire ntchito.

Pano Bambo amaima pakauntala, buku m'manja, kufunsa kuti akalaliki ali kuti. Tsiku loyamba ndinawauza zoona, analira. Mawa lake anafunsanso, ndinawauzanso, analiranso ngati akumva kumene. Ndinaona kuti ndikuwaphera mnzawo tsiku ndi tsiku. Pano ndimangoti atuluka pang'ono, ndiye amadikira chiimirire, kukana mpando.

Ndinayesa kudinda ndekha. Kupumira ndinapumira, phaa ndinamenya. Aaa, ndinaiputa! Bambo anandilanda bukulo n'kukuwa kuti mtsikana uyu akuseweretsa katundu wa eni ake, aitanidwe alonda. Ana okonzekera mayeso anaseka, akuluakulu anakadandaula.

Abwana anandiitanira mu ofesi. Analankhula mwaulemu ndithu, koma anati pano ndi powerengera, si posungira odwala, ndipo mwezi ukatha Bambo asadzabwerenso. Sindikuwada, nawonso ali ndi owalamula. Koma Bambowo ndiwasiye ndi ndani? Ndiwatsekere m'nyumba ngati mbuzi? Ndikasiya ntchito, tidya chiyani? Ndaganiza mpaka mutu kuwawa, njira sindikuiona. A Chidindo akanakhalapo akanadziwa chochita. Ine nzeru zandithera, ndipo ndikuopa.

Musanditumizire mawu olimbikitsa, ndili nawo okwanira. Ndikufuna inuyo.

Dzulo pobwerera kunyumba Bambo anandithokoza mwaulemu chifukwa chowaperekeza, kenako anandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Iwo anapitiriza monyadira kuti ali ndi mwana mmodzi yekha, wamwamuna, ali kutali kuntchito, ndipo anatchula dzina lanu bwinobwino.

Bwerani, Achimwene, dzinalo lisanawachoke nalonso. Langa lapita kale.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni, ndipo akupatseni njira.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira wa Bambo